Mauntini Yachitatu

Kaminibasi ka Zubairu kanali pa jeke, boneti ili yasa, kachitatu m'dzinja limodzi. Vuto linali lomwe lija: mauntini, chimphira chomwe injini imakhalirapo. Chikaduka, galimoto yonse imanjenjemera ngati wodwala malungo, injini nkumagunda gu! gu! mpaka okwera opita ku Ntaja amapempha kutsikira pa Liwonde.

Wadson, makaniko wa pagalajapo ku Balaka, anatuluka kunsi kwa galimoto atagwira mauntini yakufayo. Mphira yake inali itafewa ngati nthochi yopsetsa.

"Che Zubairu, ineyo zikundizunguza mutu," anatero Wadson. "Chinthu ichi chimatha zaka. Kuti mphira ifewe chonchi, ndiye kuti yamwa dizilo."

Zubairu anamulanda chinthucho nkuchinunkhiza. Dizilo weniweni!

"Galimoto yanga imayendera petulo. Dizilo wachokera kuti?"

Wadson anangotambasula manja. Koma Zubairu yankho anali atalipeza kale. Kuseri kwa galajayo kunali mulu wa zigalimoto zakufa, zambiri za dizilo. Ndiye nkhani yake ndi imeneyi! Munthuyu amazula mauntini zowola m'zigalimoto zakufazo, kuzipukuta bwinobwino, nkumamugulitsa ngati zatsopano, pamtengo woti ukhoza kugula mbuzi zingapo. Mtima wa Zubairu unawira. Mbava iyi lero iona polekera.

Chikhala kuti zinali ndalama wamba, mwina akanapirira. Koma zomwe zinali m'thumba mwakemo zinali za mahari, chiwongo chokapereka kwawo kwa Ramla, mtsikana wa ku Ntaja yemwe ankafuna kumukwatira ngati mkazi wachiwiri. Kawiri konse tsiku la ukwati linali litasunthidwa, ndipo kawiri konseko ndalama inadyedwa ndi mauntini. Amjomba ake a Ramla, amalume akewo, anali atanena mosapsatira mawu: likakwana Lachisanu lino mahari asanafike, mwana wawo si mbatata yoti idikire pansi, ofuna alipo ambiri.

Pa tayala lakale pansi pa mtengo wa mango panakhala Fauziya, mkazi wamkulu wa Zubairu, ali phee, manja ali pamiyendo. Mkazi ngati ameneyu ngosowa, ndipo Zubairu ankadzitama naye pa depoti. Galimotoyo anaigula ndi mpunga wa m'dimba la Fauziya ku Mposa, wa zaka ndi zaka, koma mkaziyo sanatchulepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Atauzidwa za Ramla anangoti, "Zili bwino, abambo," nkupitiriza kupeta. M'mawa uliwonse ankatsuka yekha galimotoyo, mpaka kunsi kwa boneti, osalola munthu wina kuigwira. Pajatu anakulira pachigayo cha bambo ake, ndiye makina sankawaopa.

Wadson anamanga mauntini yatsopano, natsitsa jeke, naliza injini. Inalira mwaulemu, osagwedezeka. Apo m'pamene Zubairu ankadikira.

"Wamaliza? Chabwino. Sindikupatsa ngakhale tambala. Iyi ndi yobweza ziwiri zowola zija."

Wadson sanakweze mawu. Anazimitsa injini, kiyi nkuponya m'thumba la ovolosi.

"Ndaigula ndi ndalama zanga ku Limbe, Che Zubairu. Ngati simulipira, ndiimasula. Mukankhe galimoto yanu mpaka kwanu."

Anakangana mpaka akabaza anaima pamsewu kuonerera. Zubairu anatchula polisi. Wadson anati apolisiwo abwere, adzanunkhize limodzi. Dzuwa linapendeka, okwera a ku Ntaja akutengedwa ndi madalaivala ena Zubairu akuona. Galimoto ikagona pagalaja, mawa kunyumba adya chiyani? Apa panalibe kuchitira mwina.

Anatulutsa mpukutu wa mahari uja. Anauyang'ana nthawi yaitali, ndipo anadziwa kuti za Ramla zathera pomwepo. Zinamuwawa koopsa.

"Walahi, dzanja langa silipereka ndalama kwa mbava!" Anaponya mpukutuwo pamiyendo pa Fauziya. "Mpatse iwe. Ine ndikupita pa depoti. Dalaivala aliyense wa Balaka mpaka Ntaja amva lero kuti Wadson ndi ndani. Galaja ino imera udzu!"

"Musapse mtima kwambiri, abambo, mungadwale," anatero Fauziya mofatsa.

Zubairu ananyamuka ali wuwuwu, mauntini yowola ija ili m'manja ngati umboni. Wadson anakhala pansi pa chitini cha oilo, atagwira mutu. Dzina lomwe analimanga ndi sipanala zaka zonsezi linali kupita kukapondedwa pa depoti, pa mlandu womwe iye mwini sankaumvetsa.

Fauziya anadikira mpaka mwamuna wake atakhota pakona. Kenako anadzuka, nakonza mpango wake, nanjuta pamaso pa Wadson monga mwa ulemu, nkupereka ndalamazo ndi manja awiri.

"Pepani, a Wadson. Za dzina lanu musadandaule. Akazi a madalaivala onsewo ndimakumana nawo kumsika, ndilikonza ndekha."

Wadson anawerama kuti alandire, koma anaima njakata. Manja a mayiyo ankanunkha sopo, inde. Pansi pa sopoyo panali fungo lina, la dizilo, lomwe makaniko aliyense amalidziwa ngakhale ali m'tulo.

Fauziya anaona mphuno ya Wadson ikugwedera. Manjawo sanawabise.

"Mpunga wanga sungakatule mkazi mnzanga pakhomo," anatero motsitsa mawu. "Musungiretu mauntini ina. Akakabwereka kwina za mahari, tibweranso."