Beseni la Rosie ndi njinga ya Winston

Panali munthu wina ku Limbuli, dzina lake Winston, wakabaza, mkamwini pamudzi pa mkazi wake Rosie. Nkhaniyi ndi yoona.

Lolemba lina masana, Rosie ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mayi ake, a Estele, mphunzitsi wopuma, anakhala pakhonde n'kumalongedza beseni lodzapita nalo kuchipatala. Anaikamo zitenje zisanu ndi chimodzi, matewera, thonje, sopo, ulusi, lezala latsopano, pepala lakuda la pulasitiki, tochi ndi mafuta a mwana. Anakulunga beseni lonse m'chitenje n'kumanga mfundo pamwamba. Kenako, nkhope atalozetsa kumbali mwa ulemu wa chipongozi, anati:

"Apongozi, katunduyu ali ndi mwini wake, ali m'njira. Musabwerekemo."

"Ine? Sindingayerekeze," anayankha Winston atanyonyomala.

Lachinayi a Estele anapita kukakumba mbatata, anagwa m'munda. Loweruka tinawaika.

Rosie anakankhira beseni pansi pa bedi. "Mfundo iyi anamanga ndi amayi," anatero. "Ndidzamasula tsiku lake."

Winston mfundoyo sanaikhudze. Anangotulukira kuti m'mbali mwa chitenje muli mpata wokwana dzanja.

Zinayamba tsiku lomwe chubu chinabooka, pakufunika chodulira chigamba. Anasolola lezala, n'kudziuza kuti abwezera mawa. Tcheni itayamba kulira, inadzola mafuta a mwana. Chiperoni chitafika, njinga inafunda pepala lakuda. Tochi anaimangirira kuhandulo ndi ulusi womwe uja. Matewera ankapukutira masipoko. Okwera atadandaula kuti mpando wakumbuyo ukubaya, thonje lonse linalowa m'mpandomo. Zitenje zokha anaziopa, chifukwa Rosie akanazizindikira. Ndipo kuti mtolo usaoneke wophwa, chilichonse akatulutsa ankalowetsamo china: makoko a chimanga, chubu chakutha, pedulo yothyoka.

M'mawa wina mu Julaye, Rosie anati nthawi yakwana. Winston anamukweza panjinga, beseni analimangira kutsogolo.

"Koma mpandowu wafewa bwanji, bambo?"

"Luso chabe, mayi."

Pakhonde la chipatala panali azimayi ena odikira masiku awo. Namwino anati, "Masulani tione ngati zonse zilipo." Rosie anamasula mfundo ija pang'onopang'ono. Pamwamba panali zitenje. Pansi pake panali makoko.

Namwino ananyamula pedulo ndi zala ziwiri. "Bambo, mukuyembekezera mwana kapena njinga?"

"Zonse zilipo, anesi, zangotsala panja." Anathamanga n'kubwera ndi pepala lakuda lamatope, thewera lakuda kuposa pepalalo, ndi lezala ladzimbiri lochokera m'thumba la malaya.

"Limeneli lidule mchombo wa mwana? Mukumufunira kafumbata? Nanga thonje lili kuti?"

"Akhalira pobwera."

Khonde lonse linaphulika ndi kuseka. Mayi wina wa mimba yaikulu kuposa onse anagwira chipilala. "Mutulutseni uyu, andibereketsa tsiku lisanakwane!"

Koma ndi mayi yemweyo amene anayamba kumasula beseni lake n'kupereka lezala. Wina anapereka pepala, wina thonje, wina ulusi ndi matewera awiri.

"Dzuwa lisanalowe zibwere, achimwene," anatero mayi uja. "Ifenso sitinabwere kudzacheza."

Winston anakasiya njinga ngati chikole kwa mwini golosale, n'kubwerera wapansi katoni ya katundu watsopano ili pamutu. Anapeza mwana wamkazi atabadwa kale, wamoyo, atafunditsidwa chitenje.

Rosie sanamukalipire. Anali atakhala tsonga pabedi, akuwongola kapepala pabondo. Winston anali atakapeza m'beseni tsiku lina, n'kukulungiramo manati ndi mabawuti amafuta osakawerenga, n'kubwezera momwemo. Zolembazo zinali za a Estele. Namwino anakaimika kuwindo n'kuwerenga mokweza:

"Rosie. Mwana ayamwe akangobadwa, ndipo mkaka woyamba wachikasu usaufinyire pansi. Pamchombo pakhale pouma, usaikepo phulusa kapena mankhwala a aneba. Umuveke chipewa ndi masokosi, kwathu kuno kumazizira. Samba madzi ofunda. Idya, imwa thobwa, gona mwana akagona. Kwa masabata asanu ndi limodzi usasenze ndowa, atunge ndi apongozi anga, miyendo ali nayo. Magazi akachuluka, kapena iwe kaya mwana akatentha thupi, bwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo iwe mwana wanga, ukadza..."

Namwino anatembenuza kapepala, anakapendeka uku ndi uku. Mizere iwiri yomaliza inali itamira m'mafuta a njinga.

"Pepani, mayi. Apa sipakuwerengeka."

"Zikomo," anatero Rosie, n'kukapinda panayi.

Winston anatunga madzi masabata asanu ndi limodzi, wapansi, ndowa pamutu, azimayi pamjigo akumufunsa ngati njinga yayamba kukwawa.

Phunziro: Beseni la mayi woyembekezera si sitolo ya zipangizo. Longedzani msanga, mwezi wachisanu ndi chiwiri usanathe, ndipo muzilitsegula nonse awiri kuona ngati zonse zilimo. Lezala likhale m'pepala lake mpaka tsiku lake. Abambo, chimene mwati mubwezera mawa, mwana sadikira mawa limenelo. Ndipo pepala lolembedwa ndi dzanja la munthu muziyamba mwaliwerenga. Tumizani uthengawu kwa onse oyembekezera, makamaka kwa amuna awo. Lero a Estele akanakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi.