Woyenda Chafutambuyo

Pakoleji yathu ya Tarnwell, wophunzira woonetsa alendo malo amayenda chafutambuyo. Ndi lamulo: nkhope kwa alendo, msana kunjira, mano pamtunda. Corinne anali katswiri pa zimenezi. Ankadziwa pamtima pamene pali muzu ndi pamene njerwa inatukuka, moti chaka chonse sanapunthwepo. Koma Loweruka limeneli anapunthwa kawiri asanafike n'komwe kulaibulale.

Kumbuyo kwa gulu kunali bambo wa jekete yamagirisi ndi kapusi yosuluka, atafungatira mbale yokutidwa ndi kansalu. Anali a Wendell, bambo ake omubereka. Anayenda maola asanu pa chigalimoto chawo chokalamba kuchokera kugalaja kwawo, osaimba ndi foni yomwe, ati kukamudzidzimutsa mwana.

Tsikunso analisankha bwino, abale. Linali la ana amene koleji yawapatsa malo koma sanatsimikize ngati abwera. Tarnwell ndi yaing'ono, ophunzira sakwana chikwi, ndipo imadyera mbiri. Mwana mmodzi wanzeru akathawira kukoleji ina, ku ofesi yolemba ophunzira khofi samweka. N'chifukwa chake mkulu wa ofesiyo, Mayi Aldridge, anali m'gulu momwemo, kuseka nthabwala iliyonse ya makolo. Makolowo anali madokotala ndi maloya, ovala makhothi aubweya ndi nsapato zosadziwa matope.

Pempho la Corinne linali limodzi: bambowa asatchule kuti iye ndi mwana wawo. Akangotero pamaso pa anthu awa, zake pa Tarnwell zathera pomwepo. Ndiye ntchito yake yomweyi, poti silola kupotoloka. Sitepe iliyonse anali kuyang'anizana nawo.

"Takulandirani, bambo inu kumbuyoko," anatero, ndi mawu omwe amalandirira mlendo aliyense.

A Wendell anamutsinzinira diso limodzi. Iwo ankayesa ndi masewera. Mwana ali pantchito, bwanji osamusiya aonetse luso lake? Anangomutsata akumwetulira, chifuwa chitatukumuka.

Pansi pa belu lakale Corinne anaima, monga amachitira nthawi zonse, n'kufotokoza mwambo umene kolejiyi imanyadira kwambiri. Mayeso pano amalemba popanda woyang'anira, chifukwa wophunzira aliyense amasaina tsiku loyamba kuti sadzanama. Wopezeka atanama amalongedza. Mawu amenewa anali atawanena kambirimbiri, koma lero anatuluka ngati akutafuna mchenga.

M'chipinda chodyera makolo anayamba mafunso. Mayi wina anafuna kudziwa ngati pali buledi wopanda tirigu. Wina anafunsa kuti omaliza pano amapita kuti. Kenako mkono wa jekete yamagirisi unakwera m'mwamba.

"Achemwali, ndifunse nawo. Kodi ana a pano foni mumawalanda pageti? Wanga ine miyezi itatu tsopano, zii."

Gulu lonse linaseka. Mayi Aldridge anatembenuka, nkhope itawala.

"Kani muli kale ndi mwana pano, bambo? Dzina lake ndani?"

"Nthawi yatithera, tiyeni tikaone nyumba ya zisudzo," Corinne anadula.

Apa m'pamene a Wendell anamuyang'ana bwinobwino mwana wawo. Pankhope pake panalibe masewera. Panali mantha, ndi kupempha. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana jekete yawo, anayang'ana zikhadabo zawo zakuda, kenako makhothi a makolo enawo.

"Ayi mayi," anayankha motsitsa. "Wanga ali kukoleji ina. Ndangodutsa kudzaona."

Atatuluka panja anavula jekete ija, mphepo ili chomwecho, n'kuipinda chotembenuza kuti girisi asaoneke. Anabwerera kumbuyo kwenikweni kwa gulu ndipo sanafunsenso kanthu.

Corinne anachita manyazi osaneneka, manyazi otentha m'makutu, ofuna nthaka ing'ambike. Munthu ameneyu ndi amene anamulera yekha. Ankamuperekeza kusukulu m'mawa uliwonse asanatsekule galaja, ndipo tsiku limene kalata ya Tarnwell inafika anaizungulira nayo tawuni yonse mpaka inada m'mphepete. Lero akunjenjemera ndi malaya okha kuti asachititse mwana wake manyazi. Koma pakamwa pa Corinne sipanasiye ntchito. Apa ndi pogona atsikana. Apo ndi pamene aphunzitsi amamwera tiyi ndi ophunzira Lachinayi lililonse. Kalasi iliyonse sipitirira anthu khumi ndi awiri. Ankangowerenga masitepe otsala, kuti akangobalalika alendowa awathamangire bambo ake kumene aimika galimoto, agwade ngati n'kugwada.

Ulendo unathera pakhonde la ofesi. Kwatsala kutsanzika basi. Corinne anapuma mozama, n'kuona ngati wapulumuka.

Mayi Aldridge anakwera sitepe imodzi n'kumugwira paphewa.

"Makolo, musanapite, mwamuona mtsikana uyu? Makoleji akuluakulu amawerenga mamalikisi. Ife pano timawerenga munthu. Mamalikisi ake sanali oposa a anzake, ndipo tinatsala pang'ono kumubweza. Koma kalata imene analemba popempha malo inatiliza tonse m'komiti, ine ndemwe ndinachita kutuluka panja. Tangoganizani, mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kuika m'manda bambo ake, mawa lake n'kukatsekula yekha galaja."

Makolo anausa moyo, ena akupukuta m'maso. Kumbuyo kwa gulu, a Wendell anavula kapusi.

"Pepani, achemwali," anatero. "Mzimu wawo uuse mumtendere."