Mwendo wa Pachikuto

Wokonza zikuto anatembenuza kompyuta kuti woimbayo aone chikuto cha chimbale chake choyamba. Mayiyo atasuzumira anaona mkazi wa nkhope yake yomwe, ataima ndi miyendo iwiri, kumapazi nsapato zofiira zazitali. Ndodo zake zoyendera munalibemo.

"Achimwene, mwendo uwu ndi wa ndani?"

"Tangokonzako pang'ono, mayi. Amanijala anu akuti anthu asamagule chimbalechi chifukwa chokumverani chisoni."

"Chisoni? Nyimbo khumi zonse zija, mwandimva ndikulira pati?"

Bamboyo anangokanda m'mutu. Kuseri kwa chitseko makina osindikizira anali atayamba kale kulira, fungo la inki lili guu chipinda chonse.

Mayiyo anakweza ndodo imodzi n'kumenya pansi katatu, mpaka kapu ya tiyi inanjenjemera patebulo.

"Kugunda kumene kumatsegula nyimbo yoyamba kuja mumayesa ng'oma? Ndi ndodo iyi. Ndiye munthu atenge chimbalechi, apeze pachikuto chidole chovala nsapato, ati waimba ndani? Kazimitseni makinawo, mubwere ndi kamera."

Anadzikoka mpaka pakhoma loyera, nakonza siketi yake kuti pamene panathera mwendo paoneke bwino, nadzutsa chibwano.

Makina atakhala chete, bamboyo anabwerera kamera ili m'manja, maso ali kuchitseko.

"Nanga amanijala akafika ndiwauza chiyani?"

"Muwauze aimbe okha. Miyendo ali nayo."