Bilimankhwe Afunsiridwa ndi Achule

Padangotero, mvula yoyamba itagwa, achule aamuna onse a pathamanda anasanduka achikasu ngati maungu akupsa, makosi ali tukumuku, kuimbira akazi. Akaziwo anakhalabe ofiirira ngati dothi.

Bilimankhwe, ali pabango, anaseka mpaka misozi. "Achimwene, phokoso lonseli chifukwa cha mtundu umodzi wa masiku awiri? Ine ndimasintha kasanu ndisanasukusule!"

"Chikasuchi si chotchenera ayi," anatero Chule wamkulu. "Chili ndi ntchito yake."

"Ntchito yanji! Tipikisane. Amene akope maso ambiri wapambana."

Bilimankhwe anatsikira m'matope. Anabiriwira, achule osacheuka. Anachita chikasu, osacheukabe. Atapsa mtima, anafiirira ngati dothi.

Mayo! Thamanda lonse linatembenuka. "Mkazi uyo! Kutalika kwakeko! Mpaka mchira!" Achule makumi awiri anamudumphira, wina pamsana, wina pakhosi, wina kumchira, aliyense akulonjeza ukwati.

"Achimwene, lirani kuti kuu-kuu!" anafuula Chule wamkulu, nthiti zikuwawa ndi phwete. "Mwamuna akagwidwa molakwika amalira choncho, ndipo amamusiya!"

Bilimankhwe anayasamula kukamwa, koma kunangotuluka mpweya wokhawokha. Mawu olirira ngati chule analibe.

"Sakukana! Walola!" anakuwa achule, nyimbo n'kukolera.

Bilimankhwe anadzapulumuka dzuwa litapendeka, matope thupi lonse. N'chifukwa chake mpaka lero Bilimankhwe amayenda monyang'ama, diso lina kutsogolo, lina kumbuyo, kuona ngati amuna ake makumi awiri aja akumutsatirabe.