Wolemba Tsamba 47

Benchi ya pakhomo pa ofesi ya dipatimenti inali ndi miyendo itatu. Wachinayi unali njerwa zosanjikiza. A Dokotala, omwe anapuma pantchito yochiza ziweto chaka chatha, anali atakhalapo maola awiri, kabuku ka chikuto chobiriwira kali m'manja.

Iwo anamaliza maphunziro pa yunivesite ya boma yomweyi zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo. Masiku amenewo pansi pankachita kuwala, munthu n'kumadziona nkhope. Lero mawindo anali otseka ndi makatoni. Labotale yomwe ankayezeramo magazi a ziweto inali itasanduka mosungira mipando yothyoka. M'kalasi yoyandikana ndi ofesiyo munadzaza mpaka ophunzira ena ankalemba ali chiimire panja, makope atatsamiritsa kukhoma. Zinawawawa kwambiri, koma sanabwerere mawindo.

Anabwerera nkhani ya mwana wawo womaliza. Mtsikanayo anaphunzira zomwezo za ziweto pasukulu pomwepa, n'kupeza ntchito pa famu ina. Mwezi watha anabaya ana a ng'ombe asanu ndi mmodzi mankhwala a njoka zam'mimba. Pepala la pabotolo linali litafufutika, ndiye anatsegula kabuku kakusukulu, tsamba 47, n'kutsatira zimene zinalembedwapo. Pofika madzulo, anayi mwa iwo anali atafa. Patsambapo, mlingo wa ng'ombe yaikulu unalembedwa pamzere wa mwana wa ng'ombe.

Lachisanu mtsikanayo akaonekera ku bungwe lopereka ziphaso. Bungwelo linanena mosapita m'mbali: abweretse kalata yochokera kuyunivesite yovomera kulakwitsako, yokhala ndi dzina la wolemba kabukuko. Popanda kalatayo, chiphaso chake chipita. Tsopano linali Lachitatu.

"Abwana ali pamsonkhano," anatero mlembi wa dipatimenti, mayi waimvi amene ankaoneka kuti anafika pamalopo makabati asanabwere.

"Dzulo munanenanso zomwezo, mayi."

"Ndi womwewo, bambo. Sunathe."

A Dokotala anatsonya. Anali atayamba kale ku ofesi ya kalembera, komwe anawatumiza kulaibulale. Kulaibulale anawalozera kosindikiza mabuku, ndipo kosindikizako anapeza loko wadzimbiri ndi chikwangwani chakuti tasamuka, osanena kuti asamukira kuti.

Dzuwa litapendeka mkulu wa dipatimenti anatulukira, bambo wochepa msinkhu woti a Dokotala akanatha kumubereka. Sanamupatse mpata wokhala pansi. Anamutsatira mu ofesi n'kumenyetsa kabukuko patebulo.

"Werengani apa! Mwana wa ng'ombe abayidwe mlingo umenewu? Mukuphunzitsa madokotala kapena opha nyama?"

Mkuluyo anawerenga, nkhope n'kugwa. "Pepani, bambo. Kabukuka ndinakapeza. Inenso ndinaloweza komweka. Ambiri timayang'ana pabotolo, n'chifukwa chake palibe anazindikira."

"Analemba ndani?"

"Sindikudziwa. Ife timangojambula chaka ndi chaka."

Apa ndiye anaputa mavu. A Dokotala anayankhula mpaka ophunzira anayamba kusuzumira pakhomo. Anati yunivesite inafa kalekale, chatsala ndi chikwangwani cha pageti. Anati m'nthawi yawo kunalibe zojambulajambulazi. Pulofesa wa zamankhwala ankalowa m'kalasi ndi choko chokha, nzeru zonse zili m'mutu, ndipo wophunzira aliyense ankalemba yekha ndi dzanja mpaka zala kuchita matuza. Anthu ankatuluka muno akudziwa ntchito. Lero aphunzitsi aulesi akungogawa mapepala osawawerenga, ana a eni ake n'kumakavutika nawo kunja.

"Ndikufuna dzina," anatero akugogoda tebulo ndi chala. "Kaya ndi pulofesa, kaya ali ndi madigiri khumi, akaime yekha pamaso pa bungwe, anene kuti mbuzi ndine. Mwana wanga asafere kupusa kwa munthu wina."

Mkuluyo anayang'ana mlembi uja, yemwe anali ataima pakhomo ngati sakumva.

"Choyambirira chake chilipo," mayiyo anatero mosafulumira. "Ndinataipa ndine, ndili mtsikana. Ine sindisintha kanthu, bambo. Chimene ndaona ndi chimene ndimataipa."

Kiyi wa kabati anasowa zaka zapitazo, choncho anachita kutsegula ndi mpeni. Munatuluka fumbi ndi mphemvu ziwiri. Mayiyo anafufuza pansi penipeni, a Dokotala akupuma mwabefu kumbuyo kwake. Mkulu wa dipatimenti anali atatenga kale pepala la chidindo ndi cholembera. Analonjeza kuti kalata ituluka lero lomwe, ndipo dzina likangopezeka alilemba m'zilembo zikuluzikulu. Kwa nthawi yoyamba m'mwezi wathunthu, a Dokotala anamva mtima kupepuka. Mwana wawo apulumuka.

Mayi uja anadzuka atanyamula kope lakale lomanga ndi ulusi, n'kulipukuta ndi mpango.

"Pulofesa wachoko uja atamwalira sanasiye cholemba chilichonse," anatero. "Ndiye akuluakulu anatenga kope la wophunzira amene anakhoza kuposa onse, n'kuti tiziphunzitsira lomweli."

A Dokotala analanda kopelo mwaukali kuti aone dzina la mbuziyo. Pachikuto panali dzina lawo lonse, lolembedwa bwinobwino ndi dzanja lawo lomwe.