Kasitomala Wotopa

Uthenga unalowa Keti akutseka mawindo a ofesi. Anali yemwe uja, wa nambala yopanda chithunzi, wodzitcha Kasitomala Wotopa.

"Mpunga wa sabata ino ndi misere yokhayokha. Kodi kumeneko mumapuntha ndi mano?"

Keti anapumira m'mwamba n'kukhalanso pampando. Ntchito yake pakampani ya mpunga ya Tiyanjane, ku Dwangwa, inali yoyang'anira gulupu ya makasitomala pa Watsapu. Poyamba gulupuyo inali zii. Ankaikamo mitengo, zithunzi za matumba, ngakhale moni wam'mawa wamaluwa, koma woyankha panalibe. Bwana wake, a Alufandika, anafika ponena kuti sangamalipire munthu wolankhula yekha.

Ndiye kunatulukira Wotopayu. Lero sikelo ikuba, mawa galimoto yachedwa, mkuja matumba ndi obooka. Gulupu inadzuka. Amayi ogulitsa mpunga ku Liwaladzi ankamukalipira, eni malesitilanti a kuboma ankamuvomereza n'kuwonjezerapo zawo. Keti ankayankha aliyense tsiku lomwelo, mwaulemu, ngakhale mtima ukuwira. Lamulo lake linali loti wodandaula sachotsedwa, wochotsedwa ndi wotukwana. Ndipo Wotopa sankatukwana. Ankangobaya ngati minga yamkati mwa nsapato.

Sikelo inakonzedwa, maoda anachuluka, nkhani yomuchotsa ntchito Keti inazilala. Koma mwini nambalayo Keti ankamudziwa bwino mumtima mwake. Anali Raston, wa chigayo chatsidya la msewu, amene nsanje inkamudya chiyambire. Moti Keti anali atasiya kumupatsa moni.

"Walembanso?" anafunsa Layson, mwamuna wake, yemwe anali pabenchi pafupi ndi chitseko kudikira kuti amutenge panjinga yamoto.

"Akuti timapuntha ndi mano."

"Anthu ena kusowa zochita," anatero Layson akupukusa mutu.

A Alufandika anatuluka m'chipinda chawo foni ili m'manja, akuseka chamumtima.

"Mayi Keti, munthu uyu watigwirira ntchito yaikulu. Muimbireni, abwere mawa adzatenge thumba la kilombero laulere."

"Raston, bwana? Thumba lathunthu?"

"Kaya ndi Raston, kaya ndi ndani. Ndikufuna ndimugwire chanza."

Keti anali asanaimbepo nambalayo. Za pagulupu zimathera pagulupu, ankatero. Koma tsopano anamva kukoma poganiza za Raston akuchita chibwibwi, atagwidwa ngati mbewa mumsampha. Anakonza pakhosi, n'kutsegula sipika kuti bwana amve yekha.

Layson anadzuka pabenchi msangamsanga.

"Ndikaone njinga panjapa, ana angaigwetse."

"Dikirani kaye, bambo a Hellen, mumveko mawu a mnzanuyo," anatero Keti, chala chikudina kale.

Inayamba kuitana. Keti anasuzumira pawindo, tsidya la msewu, pomwe Raston anali chiimire pakhomo la chigayo chake akutafuna nzimbe, manja onse awiri ali panzimbepo.

Kulira kwa foni kunamveka mu ofesi momwemo, m'thumba lam'kati la jekete ya Layson. Iye anaitulutsa pang'onopang'ono, kafoni kachilendo kosweka galasi, n'kuyang'ana bwana, kenako mkazi wake.

"Ndiyankhe pompano, mayi a Hellen, kapena tikakambirane kunyumba?"