Mpango wa Pakhosi

"Ndani anamuuza kuti asiye mankhwala a chithokomiro?" anakalipa namwino atamasula mpango pakhosi pa mtsikana amene anabwera naye kuchipatala n'kuona chotupa. "Korona yamupeza thupi lili kale pamoto. Tamvani mtimawu, ukuthamanga ngati ufuna kutuluka!"

Mayi ake anayang'ana pansi. "Ndinkawataya ndine. Chibwenzi chake chimabwera kunyumba pafupipafupi. Mwamuna wake uti angakwatire mkazi womwa mankhwala tsiku ndi tsiku?"

"Ndiye mukufuna akwatire mtembo?"

"Tsitsani mawu, chonde! Chibwenzi chakecho chili pakhomopo."

Koma mnyamatayo anali atamva zonse. Pamwamba pa masiki, maso ake anali psuu. Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa kabotolo ka mapiritsi n'kupatsira namwino.

"Kani munkataya ndinu, amayi?" anafunsa mwaukali. "Mwezi ndi mwezi ndimakaima pamzere ndine kukamutengera mankhwalawa. Akandiuza kuti asowa, ndinkamukalipira kuti ngosasamala. Analira kangati chifukwa cha ine!"

Mayiwo anagwira pakamwa. "Mumadziwa? Chonsecho mpango sauchotsa pakhosi!"

"Mpangowo amavalira inu, amayi. Akakhala ndi ine, amauvula."